Maliro a Mlamu Amene Sitinamuone

Nkhani ya chigamulo inandipeza m'minibasi yochokera ku Cairo Road. Tisanafike n'komwe ku Kabwata mafoni anayamba kulira motsatizana, ndipo bambo wina wa tayi anatiwerengera mokweza ngati tamutuma: mtsogoleri uja wa dziko lina, amene anthu ake anamugwetsa pampando atawazunza zaka zambirimbiri, khoti lagamula kuti anyongedwe. Anthu a mu Lusaka sitichedwa kusanduka maloya. Kondakitala, theka la thupi lili kunja kwa chitseko, ananena kuti chingwe n'chochepa, akanangomupereka kwa amayi a anthu amene anawapha. Mayi wina wonyamula thumba la impwa, timabiringanya tating'ono tija, anayankha chapansipansi kuti, "Imwe, uja nayeve ni muntu wa Mulungu." Basi yonse inamuukira, ndipo ine ndinali mmodzi wa omuukirawo, chifukwa kwa ine munthu ameneyu sanali wa pa wailesi chabe. Ndinkadziwa banja limodzi ku Kabwata komweko limene iye analipasula.

Linali banja la mnzawo wa amayi anga. Tonse tinkawatchula kuti amake mapasa, kapena bana mpundu monga amanenera anzathu a ku Luapula. Dzina la dziko lawo sankalitchula, ankangoti "kwatu", ndipo inenso ndilisiya choncho. Amuna awo anali mphunzitsi. Asilikali anawatenga m'mawa wina pasukulu ana akuona, ndipo palibe anawaonanso, amoyo kapena akufa. Mayiwo anathawa ali ndi pakati potopa, n'kufika mu Lusaka opanda m'bale ngakhale wa kuchikazi kwa agogo. Amayi anga anali mzamba pakiliniki, anthu ankangowatchula kuti ba nasi, ndipo ndiwo analandira mapasawo. Ataona kuti palibe wobweretsa phala kapena matewera, anangowanyamula onse atatu n'kubwera nawo kwathu. Anagona pabalaza pathu mpaka anapeza kanyumba msewu wachiwiri kuchokera kwathu ndi tebulo la zitenje ku City Market. Pa nthawi ya chigamuloyi mapasawo anali anyamata aatali, ali kukoleji ku Kopala, chigawo cha migodi chija.

Azimayi awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku. Ankakangana za mchere, za utoto wa tsitsi, za amene anabwereka sefa ya mnzake. Koma dzuwa likapendeka munkawapeza pakhonde pathu ndi tiyi, mapazi ali m'beseni limodzi la madzi ofunda, akujeda mpingo wonse kuyambira abusa mpaka woimba ng'oma. Bambo anga atamwalira, amayi akanatha kufota, koma mnzawoyo sanawapatse mpata. Ubwenzi umenewu ndi umene unkawadzutsa m'mawa, ndipo ndi umene chigamulo cha khoti la kutali chinatsala pang'ono kuutha.

Mpingo wathu ndi wa chipentekoste, waung'ono, ndipo masiku amenewo tinkapempherera m'kalasi ya sukulu. Loweruka masana azimayi ankakumana paokha, amayi anga ali wapampando. Ine ndinkapita chifukwa chokokedwa. Tili ndi mwambo umene timautcha pemphero logwirizana. Amene ali ndi nkhani amaima pakati, wapampando amamugwira manja onse awiri, n'kutchula chopemphacho mokweza, ena onse n'kuvomera. Kugwira manjako si ulemu chabe. Kumatanthauza kuti chimene iwe ukufuna, inenso ndikuchifuna pamaso pa Mulungu. Amayi anagwirapo manja a anthu ofuna ana, ofuna ntchito, ngakhale a mayi wina amene ankafuna kuti apongozi ake abwerere kumudzi.

Loweruka limenelo amake mapasa anabwera atavala chitenje chatsopano, nkhope ikuwala. Anaima pakati asanaitanidwe, ndipo amayi anawagwira manja akumwetulira.

"Ba cheya, nabwelesa nkani imozi chabe," anatero amake mapasa. "Namvela ati bafuna kuchita apilu. Tigwilizane kuti apilu ikangiwe. Bamunyonge, osati mailo, manje manje."

Azimayi ena anayamba kale kuvomera. Amayi anga anayang'ana pansi. Kenako, pang'onopang'ono, anamasula zala zawo n'kubweza manja pachifuwa.

"Bana mpundu, ici sininga gwilizane naimwe."

"Mwakamba chani?"

"Nizapempela kuti asachoke mu jele mpaka imfa yake. Nizapempela kuti akambe kwamene anaika bamuna banu. Koma kupempa Mulungu kuti muntu afe, kamwa yanga siinga kwanise."

"Muntu? Uja ni muntu kuli imwe?" anafunsa amake mapasa. "Imwe bamuna banu bali na manda. Mumapeleka maluba, mumasesa. Ine nipeleka kuti? Nisesa kuti?"

Amake mapasa anatembenuka. Anatola chikwama chawo n'kutuluka, nsapato zikugogoda pakhonde la sukulu mpaka kugeti. Ndinamva manyazi ngati ndine ndatayidwa manja, ndipo amayi anga ndinawakwiyira kwambiri.

Masabata otsatira anali oipa. Amake mapasa anasamukira kumbuyo kwa kalasi Lamulungu. Akamachokera kumsika ankadzera msewu wina wozungulira kuti asadutse pageti pathu. Amayi anawatumizira chikanda, chakudya cha mizu ndi nsinjiro chimene amachikonda, chinabwerera ndi mbale yake chosakhudzidwa. Madzulo amayi ankakhalabe pakhonde, koma ankayang'ana kumsewu kuposa m'kapu.

Nkhani inatuluka m'kalasi muja n'kuyenda mu Lusaka monse, ndipo aliyense anali ndi Mulungu wake pa nkhani ya chingwe. Abusa analalikira kuti boma silinyamula lupanga pachabe, kuti wokhetsa mwazi ayembekezere zomwezo, ndipo polalikirapo sanayang'ane kumene kunakhala amayi, zomwe zinapangitsa kuti mpingo wonse uyang'ane kumeneko. Amalume anga a ku Woodlands, amene amapemphera Sabata, anabwera dala kudzatiuza kuti tonse tasokera. "Bakufa sibaziba kantu," anatero akuthira shuga wachitatu. "Kumunyonga ni kumupasa tulo. Musiyeni ankale maso mu jele aziganiza." Azakhali a ku Kabulonga anaimba foni kunena kuti munthuyo anamangako misewu yabwino, ndipo amayi anawadulira foni asanamalize. Amenewo ndiwo amayi anga. Sankamuikira kumbuyo munthuyo ngakhale pang'ono. Ankamutchula kuti chigawenga, ndipo akaonekera pa wailesi ya kanema ankatembenuza nkhope.

N'chifukwa chake sindinkawamvetsa. Tsiku lina tikutsuka mbale ndinaphulika.

"Mami, mukanangokamba ameni. Liwu imozi chabe. Mulungu sembe anasankapo yeka."

"Ninamize Mulungu kuti nisunge munzanga?"

"Manje mwasunga chani? Muli mweka pa veranda monga mulonda."

Anandiyang'ana, sopo akutsika m'zigongono. "Ine nchito yanga yonse inali yolandila bantu," anatero. "Uja nayeve kuli muzimai wina anamulandila, anamupukuta, anamumenya kumatako kuti alile. Manja yamene yanachita ivo siyanga saine imfa. Elo akafa, azayenda na vonse vamene aziba. Bana mpundu bazavina sabata imozi, pambuyo pake bazauka, manda kulibe."

Sindinagonje. Mpaka lero, mukandifunsa za chingwe, yankho langa limadalira tsiku limene mwandipeza. Koma ndinaona kuti sanakane chifukwa cha mtima wofewa. Anakana akudziwa chimene akutaya, ndipo chinali kuwapweteka kuposa mmene chinkandipwetekera ine.

Kenako kunagwa maliro a bambo wina wa mumsewu wathu. Monga mwa nthawi zonse, mipando inatulutsidwa, azibambo anakhala panja pa tenti, azimayi tinakhala pansi m'nyumba ndi namfedwa. Amake mapasa anabwera, koma anapita molunjika kuseri kwa nyumba kukadula kabichi. Pobwerera, titafika pageti, amayi anandifunsa ngati ndinawaonapo amake mapasa atalowa m'nyumba ya maliro. Ndinaganiza. Pa maliro a bambo anga anaphika, anatunga madzi, anatsuka mapoto sabata yonse, koma m'chipinda cholirira sanapondemo. Maliro onse a ku Kabwata ankawathera kuseri, mpeni uli m'manja. Tonse tinkangoti ndi munthu wolimbikira ntchito.

"Tinabapasa pogona," anatero amayi. "Tinabapasa vakudya, tinabapezela tebulo ku maliketi. Koma palibe anabalilila bamuna babo. Zaka zonse izi bali pa geti ya malilo, sibanangene."

Mawa lake anapita kwa abusa kukawauza kuti akufuna kuchita maliro a amuna a amake mapasa. Abusa anakanda mutu. Maliro opanda mtembo, opanda manda, a munthu amene palibe anamuonapo, patapita zaka zonsezi? Anati apemphera kaye. Amayi anawauza kuti apemphere ndithu, koma maliro ali Loweruka, ndipo akafuna abwere ndi mawu. Ankanena mwaulemu, atagwada, koma aliyense wowadziwa akanamva kuti nkhaniyo yatha.

Vuto linali nyumba. Sungalowe m'nyumba ya munthu amene sakukulankhula n'kuyamba kumutulutsira mipando. Koma kwathu kuno maliro amatha kukhalira kwa m'bale wa namfedwa, ndipo amayi anati m'bale wake ndi iwowo. Anaimbira mapasa ku Kopala, anyamatawo anavomera kukwera basi ya m'mawa. Azimayi a mpingo anauzidwa, ndipo ngakhale amene ankafuna chingwe anati pamenepa palibe chokana. Ine ndinapatsidwa ntchito imodzi yokha: Loweruka m'mawa ndipite ku City Market ndikawauze amake mapasa bwinobwino, ndi kubwera nawo ngati avomera. Amayi anati akawauza msanga akana asanamve.

Ndinafika kumsika ndipo tebulo lawo linali lofunditsidwa pulasitiki. Oyandikana nawo anati sanatsegule, apita kukaoda katundu ku Kamwala. Ndinawaimbira, sanayankhe, chifukwa foni ya aliyense wa kwathu sankaiyankha. Ndinathamangira ku Kamwala, ndinalowa sitolo ndi sitolo pakati pa mabelo a nsalu, osawapeza. Ndinakwera basi yobwerera thukuta lili kamukamu, ndikukonza mawu owauzira amayi kuti ndalephera.

Nditatsika ndinaona nyumba yathu mmene munthu wodutsa akanaionera. Masofa athu ofiirira anali panja pansi pa mtengo wa mapeyala. Tebulo, kabati, ngakhale wailesi ya kanema yokutidwa ndi nsalu, zonse zinali pabwalo. Tenti inali itaimikidwa, chikuni chachikulu chikufuka, azibambo atakhala mozungulira. Mu Lusaka palibe amafunsa tanthauzo la masofa panja. Anthu a misewu ina anali akubwera kale, azimayi akumanga zitenje m'njira, ndipo mayi wina atandiona anagwira pamtima n'kunena kuti, "Ah, uli moyo, ninshi ni ba nasi." Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene tachita. Pakhomopo tinkakhala anthu awiri okha.

Ndipo patsogolo panga, pakona ya msewu umene anali ataupewa masabata onsewa, panaima amake mapasa, belo la zitenje lili pamutu. Wina m'basi anali atawauza kuti kwa ba nasi kuli maliro. Belo linagwa mu fumbi. Ndinakuwa, koma sanandimve. Anathamanga ngati mtsikana, nsapato imodzi n'kutsala pamsewu, ndipo anayamba kulira ali pageti monga timachitira.

"Mayo ine! Ba sisita banga! Mwayenda tisanakambe! Nenze kubwela, nenze kubwela mailo!"

Azibambo anaimirira. Azimayi a kuseri anataya mipeni. Amake mapasa anadutsa onsewo n'kulowa pakhomo limene sanalowepo pa maliro alionse, ine ndili pambuyo pawo. M'balaza mopanda mipando azimayi anali atakhala pansi m'mbali mwa makoma. Pakona panali matiresi a namfedwa opanda munthu, ndipo pambali pake panakhala amayi anga, duku lakuda kumutu, amoyo ndi athanzi.

Kulira kunaduka pakati. Amake mapasa anayang'ana amayi, anayang'ana ife tonse, ndipo nkhope yawo inasintha mochititsa mantha.

"Mwanisewelesa? Mwachosa mipando kuti munigwile monga mbeba?"

"Iyai," anatero amayi, ndipo anandiponyera diso limene ndimalikumbukabe. "Nenze natuma uyu kuti akuuzeni. Nikululukileni, simwenze kufunika kumvela so. Malilo aya si yanga."

"Ni ya ndani?"

"Ni ya mulamu wanga. Ba ticha. Tinachedwa maningi, bana mpundu. Malo yanu ni aya."

Analoza matiresi. Ndinaganiza kuti amake mapasa atuluka, ndipo akanatuluka sindikanawaimba mlandu. Anaima pakati pa balaza phazi limodzi lopanda nsapato, akupuma movutika. Kenako mapasa, amene anali atafika ine ndili ku Kamwala, analowa kuchokera kukhitchini, wina atanyamula chithunzi chaching'ono cha bambo wovala jekete lalikulu, chokhacho chimene mayi awo anathawa nacho. Amayi awo atachiona anatambasula manja. Azimayi anawagwira n'kuwakhazika pamatiresi.

Kulira kumene kunatuluka pamenepo sindinakumvepo kwina. Sikunali kwa Chinyanja kapena kwa Chibemba. Analira m'chinenero cha kwawo, chimene pa zaka zonsezi sitinawamvepo akulankhula, akuitana dzina limodzi mobwerezabwereza. Sitinkamva mawu, koma azimayi a ku Kabwata safuna womasulira pa maliro. Anawalandira kulirako, mmodzi ndi mmodzi, mpaka nyumba yonse inalira munthu amene palibe anamuonapo. Panja, azibambo amene masabata onsewa ankakangana za chingwe anavula zipewa. Amalume a ku Woodlands, Sabata lawo lili pakati, anali pomwepo. Ine ndinaima pakhomo ndikulira, ndipo ndinanyadira amayi anga kwambiri. Ndinanyadiranso msewu wathu, anthu olongolola, okonda mijedo, amene anasiya ntchito zawo za Loweruka kudzakhala pansi chifukwa cha mlendo.

Munthu wa chigamulo uja lero kulibe, ndipo mmene anathera si nkhani yanga. Tsiku limenelo dzina lake linatchulidwa kamodzi kokha. Masana, kulira kutachepa, ndinabweretsa madzi akumwa pakona paja ndipo ndinamva amake mapasa akulankhula ndi mawu osasa, osayang'ana amayi.

"Musaganize kuti nasintha. Nikali kufuna bamunyonge."

"Niziba," anatero amayi. "Naine sinasinthe. Imwani manzi."

Anamwa. Sanamwetulire, ndipo ine sindinadziwe ngati zatha kapena angolemekeza maliro, mawa n'kubwerera kumsewu wozungulira uja.

Abusa anabwera dzuwa litapendeka, atavala suti ya maliro. Za lupanga sanazitchule. Analalikira mwachidule, ndipo ndiwapatse ulemu wawo, analalikira bwino. Atamaliza anachita zimene zimachitika pa maliro alionse: anapempha kuti wa kubanja la namfedwa aimirire, athokoze anthu ndi kunena mawu a banja. Anangonena mwa chizolowezi, ndipo atatha kunena ndi pamene anazindikira. Namfedwa salankhula yekha pa maliro a mwamuna wake, ana salankhula akulu alipo, ndipo mayiyu analibe mkulu, analibe mlongo, analibe malume m'dziko lonse lino. Anthu anayang'ana pansi. Abusa anatsegula pakamwa kuti apitirire msanga.

"Balipo," anatero amake mapasa.

Sanadzutse mutu. Anangogunda amayi anga ndi chigongono, mwamphamvu ndithu, mpaka amayi anapendekeka.

"Aba. Ni bakulu banga. Bali na mutu wouma monga mwala, koma ni bamene nili nabo. Imililani imwe, bantu bayembekeza."

Amayi anga, amene analankhulapo pamaso pa madokotala ndi pamaso pa mpingo osaphethira, anaimirira, anakonza chitenje, anatsegula pakamwa, ndipo mawu anakana kutuluka. Anaima choncho misozi ikutsika, nyumba yonse ikuwadikira, ndipo palibe anawafulumizitsa.